Mapazi a Galu wa Apongozi

Khonde langa ku Zengeza, m'tauni ya Chitungwiza, linali lofiira mochititsa kaso, ndipo sindichita manyazi kudzitama. Zaka zimenezo, dziko la Zimbabwe litangolandira ufulu, mkazi ankadziwika ndi khonde lake. Ndinkagwada m'mawa uliwonse ndi polishi ndi kansanza, kupukuta mpaka munthu adzione nkhope. Amayi oyandikana nafe akamadutsa ankayenda pang'onopang'ono, maso ali cham'mbali. Ine ndinkadziwa kuti zawalowa.

Kenaka apongozi anga, bambo awo a amuna anga, anapuma ntchito ku famu ya fodya kumene anakalambira, n'kubwera kudzakhala nafe. Anafika ndi sutikesi, khasu ndi galu. Sutikesi ndi khasu ndinazilandira ndi manja awiri. Galuyo anali wamakutu ogwa, wonyansa ndithu, wopanda ngakhale dzina. Apongozi ankangoti "iwe", iye n'kubwera.

Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, koma makolo anga anandilera m'mwambo wa kumudzi ku Malawi, woti mkazi salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Chakudya ndinkatuma mwana. Tikakumana pakhomo ndinkapatuka, kuyang'ana khoma. M'kanyumba kakang'ono ngati kathu, mwambo umenewu unali ntchito yolemetsa. Tsiku lina mvula ikubwera, ana kulibe, ndinangopezeka ndanena mokweza kuti, "Iwe galu, bulangete lili pachingwelo linyowa." Posakhalitsa apongozi anatuluka kukalianula. Podutsa anati, "Iwe, uwathokoze amayi." Kuyambira pamenepo nkhani zathu zonse zinkadzera mwa galu. Iye ankangogona pakati pathu, n'kumagwedeza mchira ngati akumva.

Nkhondo inabwera ndi chisanu cha mwezi wa Juni. Apongozi anali atapeza kadimba m'dambo kuseri kwa nyumba zomaliza, ndipo ankalawirira kumeneko ndi galu wawo udzu udakali mbuu ndi chisanu. Nyengo imeneyo anthu amakhala atatentha dambo, ndiye zitsa za udzu zimatsala zakuthwa ngati misomali. Kunsi kwa mapazi a galuyo kunachita ming'alu, nayamba kutsimphina.

Ine ndinali ndi botolo limodzi la mafuta odzola, la ana anga. Madzulo ndinkawakhula zidendene ndi mwala, n'kuwapaka kuti asapite kusukulu atatuwa ngati ana osowa mayi. Ndinangoona mafuta aja akutsika msanga. Tsiku lina ndinasuzumira pawindo, n'kuona apongozi atakhala pakampando, phazi la galu lili pabondo pawo, akulipaka mafuta a ana anga modekha ngati namwino. Atamaliza, bwana galu uja anadzuka, nadziwongola, n'kudutsa pakhonde langa kuyambira uku mpaka uko. Phazi lililonse linasiya chidindo chamafuta, ndipo fumbi la Chitungwiza silichedwa kupeza pokhala.

"Iwe galu," ndinatero mano ali gwa, "kodi khonde lino unagula ndiwe?"

"Iwe," anayankha apongozi, "pepesa. Uwauze amayi kuti tipeza nzeru ina."

Nzeru inayo inali nsapato. Anadula chubu chakale cha njinga, nasoka tinsapato tinayi, n'kumumanga ndi timaluzi. Galu anaima kaye osasuntha. Kenaka anayamba kuyenda akutukula mwendo uliwonse m'mwamba, n'kuukutumula ngati waponda moto. Ana anga, amene ukawalankhula Chichewa amayankha Chishona, anathamangira kumsewu akukuwa, "Huyai muone, imbwa yasekuru yapfeka bhutsu!" Mzere wonse wa nyumba unatuluka kudzaona galu wa agogo atavala nsapato. Inenso ndinaseka mpaka misozi, nditabisala kukhitchini. Pofika masana anali atatafuna zitatu, yachinayi sitinaipeze mpaka lero.

Zitatero anayesa masokosi. Ndinazindikira pamene amuna anga ankagwetsa zinthu m'nyumba m'mamawa, basi ya ku Harare ili pafupi kuwasiya, akufunsa kuti masokosi awo akuntchito apita kuti. Masokosiwo anali ali kudambo, kumapazi a galu. Pamapeto pake apongozi anabwerera ku mafuta, ndipo ine ndinabwerera pa maondo.

Chimene chinandithetsa mtima chinachitika Lachinayi lina, amayi a kutchalitchi atabwera kudzapemphera kwathu. Ndinali nditapukuta kawiri. Tikutuluka m'nyumba, nyimbo idakali pakamwa, tinapeza zidindo zija zitandanda khonde lonse. Mayi wina wa kudera la Unit N, amene khonde lake silinafikepo pa langa, anawerama n'kunena mokoma kuti, "Koma maluwa awa, asisi, mwajambula ndi chiyani?" Ndinangomwetulira.

Madzulo ndinawauza amuna anga kuti galu achoke. Iwo anakanda m'mutu. "Zimenezo ndi za inu ndi bambo," anatero, ngati sakudziwa kuti ine ndi bambowo sitilankhulana. Ndiye ndinakonza ndekha. Panali mlonda wina wa kumapuloti kutali kuseri kwa Seke amene ankafuna galu, ndipo tinapangana kuti abwere Loweruka. Uthenga ndinapereka mwa njira yathu ija: "Iwe galu, Loweruka ukupita kukagwira ntchito ngati anzako."

Loweruka dzuwa litakwera, mlonda uja anafika pa njinga, chingwe chili m'manja. Maganizo ake anali oti iye azipalasa, galu azithamanga pambuyo. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndikutsuka mbale. Apongozi sanakane, sanadandaule. Anangopempha kamphindi, nakhala pakampando kawo, n'kuika phazi la galu pabondo. Botolo limene anatulutsa m'thumba silinali langa. Anali atagula lawolawo.

"Iwe," anayamba, akupaka, "ulendo wake ndi wautali. Usamaponde pa lupsa, uziyenda m'mbali mwa msewu. Ine ndinabwera kuno wapansi kuchokera ku Ntcheu, mwezi ngati uno, ndili mnyamata. Tinali awiri, ine ndi mng'ono wanga. Titawoloka Zambezi mapazi ake anang'ambika, nayamba kutupa. Ndinamumanga makungwa, ndinang'amba malaya anga. Mafuta ndikanawapeza kuti? Ndinamusiya pamudzi wina, ndati ndikapeza ntchito ndidzamutenga. Nditabwerera anangondionetsa pamene anamuika."

Anatenga phazi lina, napaka pakati pa zala. "Bweretsa linalo. Usawade amayi, khonde ndi lawo."

Zaka zonse zimene ndinakhala pabanja lija, nkhani ya mng'ono ameneyu sindinaimvepo, ndipo ndikukhulupirira kuti amuna anganso sankaidziwa. Chisoni chinandigwira. Ndinaganizanso kuti galuyu akapita, nkhalamba iyi izilankhula ndi yani m'nyumba muno, nanga ine ndiziiuza bwanji kuti tiyi wapsa.

Ndinapukuta manja pachitenje, n'kutuluka. Sindinayang'ane apongozi. Ndinawerama, kugwira phazi la galu koyamba m'moyo wanga, ndi kulitembenuza ngati ndikusankha tomato pamsika.

"Iwe galu, ukupita kuti ndi mapazi otere? Ukufuna anthu akanene kuti kwathu timazunza ziweto? Ukhala mpaka apole."

Mlonda anafunsa kuti abwerenso liti. Ndinati ndidzatumiza mawu. Anapinda chingwe chake akung'ung'udza, nakwera njinga.

Ndinayala thumba lakale pakona ya khonde, n'kulamula kuti galu akapakidwa mafuta azigona pamenepo mpaka alowe. Ankamvera masiku ena. Amayi a Lachinayi anapitiriza kuona maluwa, ndipo ine ndinkawauza kuti ndi fasho yatsopano ya ku Harare.

Chisanu chinatha, mitengo inaphuka, kunja kunayamba kutentha. Mapazi a galu anasalala kuposa a ana anga. M'mawa wina ndikupukuta, ndinamva kampando kakukokedwa kumbuyo kwanga, kenaka kachifuwa kokonza kukhosi.

"Iwe," anatero apongozi motsitsa mawu, "tawafunsa amayi. Kodi mapazi ako apola?"

Sindinatembenuke. Ndinapitiriza kupukuta chidindo chimene chinali patsogolo panga.

"Uwauze agogo kuti sanapole," ndinatero.

Ankafunsa chaka chilichonse chisanu chikatha, mpaka chaka chimene kampando kaja kanatsala kopanda munthu. Yankho langa silinasinthepo.