Kumene Amayi Anabadwira

Pawailesi akamanena kuti obwera kuchokera kumayiko ena achuluka kapena achepa, ine ndimangopitiriza kuchapa. Ndinatopa nazo. Owerengawo amadalira funso loti munabadwira kuti, chonsecho ine ndinakulira m'nyumba momwe yankho la funso limeneli tinkaliloweza ngati katekisimu.

Amayi anachoka ku Malawi ali mtsikana, kutsatira bambo, omwe anamwalira ndili wamng'ono. Tinkakhala m'komboni ya Ng'ombe, mumzinda waukulu wa dziko lino, ndipo amayi ankayenda wapansi kukachapa kumayadi. Mapepala okhalira m'dziko lino analibe. Ndiye aliyense wofunsa, kaya kuchipatala kaya kusukulu, yankho linali limodzi: ku Chipata, m'dziko momwe muno. Dzina la mudzi wawo weniweni sanatiuze ife ana. Ankati pakamwa pa mwana palibe chitseko.

Sitinali tokha. Akalembera akangolowa m'komboni, anthu ankawayesa a imigireshoni. Telala wa ku Congo ankalowetsa makina m'nyumba n'kusowa tsiku lonse. Alandilodi ankaima pakhomo kuyankhira aliyense, moti pamapeto pake puloti yonse inkakhala itabadwira ku Chipata, ndi telala yemwe. Chipata inabereka anthu, abale!

Pa kalembera wapitayu amayi anali atakalamba, mutu utayamba kuwataya. M'mawa ankamanga kamtolo ka zitenje, amvekere ndikupita kwathu. Ndikafunsa kuti kwanuko n'kuti, ankandiyang'ana ngati ndine wapolisi. Dzinalo ndinkalifunitsitsa. Ndinkafuna kuwaperekeza akadali moyo, tikaone ngati patsala mbale wawo aliyense.

Wolembera wake anali mzimayi wofatsa, atanyamula tabuleti. Ndinamukokera pambali n'kumufotokozera zonse. Ndinkaganiza kuti mwina munthu waboma akanena yekha kuti palibe mlandu, amayi amasuka. Anandimvetsa. Anagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Ba mbuya, musayope," anatero. "Ise sitigwila munthu, tiwelenga chabe. Munabadwila kuti?"

"Amama, kambani zoona manje," ndinawonjezera. "Palibe azakupishani mu dziko muno."

Amayi anamwetulira. "Ku Chipata, mwanangu."

"Munzi uti, ba mbuya?"

"Ku Chipata komweko."

Kale akamanena bodza limeneli ankayang'ana pansi, zala zikukonzakonza chitenje. Tsiku limenelo anamuyang'ana mzimayiyo m'maso, manja ali phee pamiyendo, osangalala kuti afunsidwa chinthu chimene akuchidziwa. Sankanamanso ayi. Analinena kwa nthawi yaitali mpaka linatsala lokha m'mutu mwawo. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinakwiya, koma womukwiyira ndinalibe.

Wolemberayo anatembenukira kwa ine, chala chili pa tabuleti. "Nilembe chani, ba sisi?"

"Lembani Malawi."

Anadina kamodzi basi. Tabuletiyo sinkafunsa za mudzi, dziko linali lokwanira. Anatsanzika mwaulemu n'kupita pakhomo lotsatira, kumene alandilodi anali ataima kale. Iye anapeza zimene anadzera. Ine ndinabwerera kubeseni, madzi atazizira.

Amayi anamwalira mvula itayamba, ndipo tinawaika kumanda a ku Chingwere. Anthu anabwera ndithu: akutchalitchi, anzawo ochapa kumayadi, ndi telala uja. Tisananyamule bokosi, mkulu wampingo anafunsa monga mwa mwambo ngati akwawo kwa malemu afika kuti alankhule. Onse anatembenukira kwa ine. Uthenga wa maliro sindinautumize, chifukwa sindinkadziwa koutumiza.