Utsi Woitanira Ndege

Bwalo la ndege la kwathu, kumunsi kwa njanji pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, analilambula m'zaka za chitaganya. Ndikati bwalo musaganize zazikulu. Linali tchire chabe lomwe amuna athu anagwetsamo mitsanya, n'kundandalika miyala yopaka laimu m'mbali. Panali kanyumba ka malata kosungiramo migolo ya mafuta, ndi mlongoti womwe anapachikapo thumba losonyeza kolowera mphepo. Thumbalo silinakhalitse, dzuwa la kuno silinyengerera nsalu.

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ankagwira ntchito pamenepo. Anali munthu wofatsa mpaka kutopetsa, woti ukamuponda phazi apepese ndiye. Ankatchetcha udzu ndi chikwakwa, kukwirira maenje ndi kupirikitsa ng'ombe. Thumba lija litang'ambika, kapitawo anawaonjezera ntchito yosonkha moto n'kuunjikapo masamba aawisi. Utsi ukangokwera, posakhalitsa ndege tulukiru cha kumapiri a Dedza.

Palibe anatiuzapo kuti kapitawo ankayamba walandira uthenga pa lamya ya kusiteshoni, kapena kuti utsiwo unali wongoonetsa woyendetsa ndege komwe mphepo ikulowera. Anatiyesa anthu ofunika kuwafotokozera ngati? Ife tinkangoona ndi maso: alamu akoleza, ndege yafika. Mudzi wonse unkati iwowo ndi amene amaitana ndege, eni akenso ankakhulupirira zomwezo. Tinaonanso tsiku lina ndegeyo ikunyamula mzungu woyeza malo amene analumidwa ndi mphiri. Anabwerako akuyenda yekha.

Mng'ono wanga anali ndi pakati poyamba. Matenda anamuyamba mvula ili pachimake, mwana n'kukhala chopingasa. Azamba anayesa zawo zonse, kenaka anayamba kumuumiriza kuti atchule amuna amene anayenda nawo, ati mwana akukanira chimenecho. Ndinawatukwana, sindibisa. Mtsikana woti ngakhale kumsika ankapita ndi ine! Tinamunyamula pamachira kuti tipite kuchipatala cha ku Mua, koma tinapeza mtsinje uli thothotho, ukukokolola mitengo yathunthu. Sitima nayo sinali kuyenda, madzi anali atakumba pansi pa njanji.

Tili pagombe paja, alamu anandikokera pambali.

"Alamu, tiyeni naye kubwalo. Ndikaiitana."

"Adzalola munthu wakuda kukweramo?" ndinafunsa.

"Akadzamuona mmene alilimu, alola. Nawonso ndi anthu."

Kapitawo anali atatsekeredwa kutsidya, ndiye panalibe wotiletsa kapena wotiuza zoona. Tinamugoneka mng'ono wanga pakhonde pa kanyumba ka malata kaja, kuli fungo la mafuta lokhalokha. Nkhuni zonse zinali zonyowa. Alamu anathamangira kwawo, nasasula udzu wa padenga la nyumba yawo yomwe, n'kukolezera. Utsi unakwera wokongola, woyera, wowongoka ngati mgwalangwa. Tonse maso kumapiri.

Dzuwa linafika pamutu, kuli zii. Alamu anaonjezera masamba, maso ali psuu, manja atapsa. Kukagunda bingu patali ankadumpha n'kukuwa kuti, "Imeneyo!" Mng'ono wanga anasiya kubuula, n'kumangondigwira chala.

"Achemwali, yabwera?"

"Ili m'njira, limba mtima."

"Mukakhale pafupi nane m'menemo. Ndikuopa kumwamba."

Mayo ine! Ankaopa ndege, imfa ili pakhonde pomwepo. Anatisiya dzuwa litapendeka, mwana ali m'mimba. Azimayi atayamba kulira, alamu sanatembenuke. Anapitiriza kuthyola masamba mpaka amalume anachita kuwagwira manja. Mpaka lero chifuwa chimanditentha ndikanunkhiza utsi wa masamba aawisi.

Maliro atatha, madzi anaphwa, kapitawo anaoloka. Mmawa wina anaima pakhomo pathu alamu ali chikhalire ndi mutu wometa.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Koma tiyeni mukasonkhe moto, lero kubwera ndege."

Ndinafuna kumuthira madzi otsukira mbale. Koma alamu, kufatsa kwawo kuja, anangodzuka n'kutola chikwanje. Ndinawatsatira, sindikudziwa chifukwa chake. Anakoleza pa phulusa lomwe lija. Utsi usanafike n'komwe pamwamba pa mitengo, tinamva kulira kwake. Inatera bwinobwino, matope ali fwaa. Munatuluka mzungu wa kabudula, thumba la makalata, ndi galu wonenepa amene anachita kumunyamula kuti asaponde matope.

Alamu anayang'ana ndegeyo, n'kuyang'ana mulu wa masamba, kenaka ine.

"Alamu, inu munalipo tsiku lija," anatero. "Masamba ake ndi omwewa. Malo ndi omwewa. Tandiuzani, ndinalakwitsa pati?"