Mitsinje ya Eni Ake

"Amake mwana, mtsinje wautali maningi muno mu Ireland ni uti?"

Anandifunsa ndi mayi wa ku Zambia, nesi, amene khomo lake limayang'anizana ndi langa pamafulati athu ku Ballymun. Tinakumana pamasitepe, ine nditabereka mwana, m'manja muli envulopu ya mafomu opemphera unzika.

"Liffey," ndinatero, poti ndi womwe ndinkauwoloka pa basi.

"Mwafeluka kudala," anatero, kutanthauza kuti mayeso a unzika ndalephera kale. " Mufana wanga ku England banamufunsa vonse ivi asanatenge pasipoti. Na kuno bazayamba."

Envulopu ija ndinakaiika pansi pa matiresi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo mawu oti mayeso amandiopsa mpaka lero. Koma pasipoti ndinkaifuna. Kuno ndinabwera ngati wopempha chitetezo, mapepala anga sankandilola kupita kumudzi. Amayi anga ku Chikwawa diso limodzi linali litachita ng'ala, linalo likutsatira. Pafoni ankangoti, "Ubwere naye mdzukulu wangayo ndimuone ndikadapenya."

Ndinaganiza kuti mafomu sindipereka mpaka nditakonzeka. Ku laibulale anandisindikizira mapu, ndinawamata pa fuliji. Mayina ankandithawa, ndiye mtsinje uliwonse ndinaupezera mnzake wa kwathu. Shannon, wautali kuposa yonse, umatsika pakati pa dziko kukagwera m'nyanja kupitirira Limerick, ndipo anautseka penapake kuti uzipanga magetsi. Ameneyo ndi Shire, ndinatero, ndi Kapichira wake yemwe. Wachiwiri ndi Barrow. Iye ndi Suir ndi Nore amakumana asanafike kunyanja, eni ake amawatcha achemwali atatu. Liffey wanga uja ndi wamfupi, komabe ndinasiya kumupeputsa nditamva kuti madzi ambiri a m'mipopi ya mu Dublin amachokera kwa iye.

Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Santry. Ndinkatchula mayinawo chapansipansi ndikuyala mabedi. Tsiku lina bambo wina wokalamba, amene ndinkamumeta ndevu, anandigwira dzanja.

"Wati chiyani, mwana wanga?" anafunsa m'Chingerezi.

"Su-wi-ri."

Anaseka mpaka thovu kugwera pa thaulo. "Amati Shuwa. Ndinakulira m'mbali mwake, ndinkawedzamo. Ukawauza kuti Suwiri akutumiza ku Spain."

Kuyambira pamenepo ankandiyesa m'mawa uliwonse, ndikalakwa amvekere lero sindimetedwa. Ndinapitirira mitsinje, ndinalowa mapiri ndi maboma. Chisanu chinatha, masiku anatalika, ine ndikuloweza.

Mwana wake wamkazi wa bamboyo ndi amene anatipeza tikufunsana tsiku lina. Nditamufotokozera anakwinya nkhope. "Mayeso ake ati? Pitani mukafunse, ine sindinamvepo."

Ndinapita ku ofesi yopereka uphungu kwaulere, mapu aja ndawapinda m'chikwama. Mayi wa pa desiki anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati mayeso otere kuno kulibe. Chofunika ndi umboni wa zaka zimene ndakhala m'dziko muno, mbiri yabwino, ndi kudzalumbira tsiku la mwambo. Anayang'ana mapepala anga nati ndikanatha kupereka kalekale.

Ndinakagogoda kwa aneba anga aja.

"Amayi, mayeso aja kulibe."

"Ine nenze nakamba kuti bazayamba, sininakambe kuti bayamba."

Sindinakangane nawo. Kusafunsa kunali kwanga. Ndinkachita manyazi kuti a mu ofesi andiona kuti sindinaphunzire. Mlungu womwewo mafomu ndinapereka, tsamba lililonse nditaliwerenga kawiri ndi chala. Pano ndikudikira yankho, ndipo pasipoti ikadzangotuluka tidzakwera ndege, ine ndi mwana, zivute zitani. Amayi adzamugwira kumaso ndi manja.

Zimene zinatayika ndi izi: miyezi isanu ndi itatu imene envulopu inagona pansi pa matiresi, ndi diso lachiwiri la amayi, lomwe linatseka mwezi watha.