Khoma la aWailesi

Nyumba zija anazigwetsa kalekale, pamalopo pano amagulitsirapo matayala. Koma pali mayi wina amene akamadutsa pamenepo amayendabe pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, ngati kuti pakati pa matayalawo pangatuluke nyimbo.

Unali mdadada wa zipinda za lendi, denga limodzi la malata, khonde limodzi lalitali, mpopi kuseri. Makoma ankalekeza denga asanalifike, ndipo mpata wotsalawo anautseka ndi timatabwa topyapyala. Munthu akayetsemula kuchipinda choyamba, wakumapeto ankatha kumuuza kuti pepani.

Kumapetoko n'kumene kunkakhala aWailesi, mkulu wamtali, wowerama msana, wokonza mawailesi. Paunyamata wawo anagwira ntchito pafakitale yocheka matabwa, ndipo macheka aja anawadya makutu. Lakumanzere linaferatu, lakumanja linatsala longotola mawu apo ndi apo. Atachoka kumeneko anaphunzira ntchito ya mawailesi kwa alamu awo. Anthu ankaseka kuti gonthi angakonze bwanji wailesi, koma iwo ankangoika nsonga za zala pa sipika, n'kutsinzina, n'kunena pomwe pavuta. Akazi awo anamwalira, ana anakula n'kumwazikana, iwo anatsala ndi tebulo lodzaza mawaya, chitini cha tizitsulo ndi fungo la mtovu wopsa. Masana ankakhala pakhonde pa kampando kawo ka miyendo yokhota. Madzulo ankalowa, n'kutsamira khoma, n'kuyatsa wailesi yawoyawo, yaikulu ngati sutikesi.

Kuseri kwa khoma limenelo n'kumene kunadzalowa mayi uja, pa nthawiyo ali mtsikana wongobereka kumene. Kwawo ankamutchula Namakutu, chifukwa chibadwire makutu ake sankadziwa kupuma. Ali wamng'ono ankachotsa batire mu wotchi yapakhoma kuti agone, ndipo alongo ake ankatafuna dala mokweza kuti amuone akutseka makutu ndi zala. Mwamuna wake anali dalaivala wa lole, wa masiku ambiri pamsewu ndi ochepa pakhomo.

Mwana wawo, kamtsikana, anabadwa masiku asanakwane. Kanali kanthu koti nkukwana m'chipewa cha bambo ake. AWailesi atakaona koyamba anaseka n'kuti, “Aka si kamwana, ndi kabatire ka mu tochi,” ndipo mdadada wonse unayamba kumutchula Kabatire. Koma kuchipatala namwino anali atanena mawu amodzi akulemba zina: “Muzimuyang'anira kapumidwe kake.” Ananena mongodutsa. Namakutu anawanyamula mawuwo ngati mbale yodzaza madzi otentha.

Ndiye kukada ntchito yake inali kumvetsera. Kupuma kwa Kabatire kunali kochepa kuposa kwa mwana wa mphaka, ndipo wailesi ya kuseri ikangoyamba, kupumako kunkamira. Mpira, nkhani, nyimbo zakale za magitala, zonse zinkalowa m'chipindamo ngati zalipira nawo lendi. Namakutu ankadzuka, n'kuika khutu pamphuno pa mwana. Mwana ankadzidzimuka n'kulira. Akamutonthoza n'kugona, wailesi ili pompo, mantha ankayambiranso poyamba.

Kupita kukadandaula kwa munthu wa msinkhu wa agogo ake, manyazi anamugwira. Tsiku lina anangotenga nsapato n'kugogoda pakhoma ndi chidendene chake.

Kunamveka kugogoda kobweza, kwaulemu ndithu. Kenako wailesi inakwera.

M'mawa anakumana nawo kumpopi, nkhope yawo ili ngwee. “Amake Kabatire, mwadzuka? Chigoli chija munachimva? Goloboyi uja anali m'tulo!”

Namakutu anangoyang'ana pansi, mtima ukuwira. Mkulu wonse uyu, imvi mbuu, kumunyogodola chonchi? Madzulo ake anagogoda mwamphamvu. Wailesi inakwera kuposa dzulo. Anasiya nsapato n'kutenga mthiko, pambuyo pake botolo. Akamenya kwambiri, nyimbo zinkabwera zambiri.

Munthu wosagona amayamba kutayikira. Anathira mchere mu tiyi. Anaiwala poto pambaula mpaka pansi pake panabooka. Ndiye masana ena, akuyamwitsa atakhala m'mphepete mwa bedi, maso anatsekeka okha. Anadzidzimuka mwana akutsetsereka pamaondo, ndipo anamugwira ndi nsalu yokha, mutu utatsala pang'ono kufika pasimenti. Kabatire sanalire n'komwe. Amene analira ndi Namakutu, ndipo mwamuna wake, amene anangofika kumene kuchokera ku ulendo, anaona zonse ataima pakhomo.

“Iwe, ndi wailesi chabe,” anatero atakhala pansi. “Ine ndimagona pansi pa lole injini za anzanga zikulira.”

“Inu mungagone ngakhale m'chigayo. Ine ndikagona, mwanayu amumvera ndani?”

“Amumvere chiyani? Akupuma, si uyu?”

“Panopa akupuma.”

Mwamunayo anatuluka ndi foni. Anakaimbira kuseri kwa mpopi poganiza kuti ndi kutali, kuiwala mkazi amene anakwatira. Namakutu anamva mawu a apongozi ake bwinobwino: “Loweruka ndikubwera. Mwanayo ndidzamutenga, adzamwa mkaka wa m'chitini. Akhale ndi ine mpaka mutu wa mkazi wakoyo utakhazikika.”

Mwamuna wake anabwerera kumsewu. Lachisanu masana, Namakutu anabereka mwana n'kukaima kutsogolo kwa kampando ka aWailesi. Manyazi anali atatha, panatsala mantha okhaokha.

“Agogo, ndinakulakwirani chiyani?”

“Ati bwanji?”

“Ndinakulakwirani chiyani!” Anakuwa moti mayi wa saluni wa chipinda chapakati anasuzumira ndi chipeso m'manja. “Ndikagogoda kuti mutsitse, inu mukukweza! Sindikugona! Mawa akubwera kudzandilanda mwana chifukwa cha wailesi yanuyo!”

AWailesi anamuyang'ana pakamwa mpaka anamaliza. Kenako anaika pansi kawaya kamene kanali m'manja mwawo.

“Kuti nditsitse?”

“Nanga munthu amagogoderanji?”

Mkulu uja anagwira mutu. “Mayo ine. Mwana wanga, khala pansi.”

M'chipinda cha Namakutucho, iwo anati, kale munkakhala telala wina, mnzawo wa zaka zambiri. Maso atafa anasiya makina, ndipo masiku ake ankathera pabedi. Anakana kupatsidwa wailesi yakeyake. Ankati ya neba imakoma chifukwa sumasankha wekha, ndiponso umadziwa kuti kuseri kuli munthu. Ndiye akafuna kumva bwino ankagogoda pakhoma, iwo ankamva kugogodako kumsana pomwe atsamira, n'kukweza. Telalayo atamwalira khoma linangoti zii, ndipo iwo anasiya kulitsamira.

“Tsiku lina ndaiwala, ndatsamira, ndikumva go, go, go. Ndinati Mulungu wandipatsanso neba. Ukamenya mwamphamvu ine ndimati, koma mtsikanayu mpira amaukonda!”

Mayi wa saluni anaphulika kuseka mpaka anakhala pansi. Namakutu anafuna kukwiya, koma anaona kuti mkuluyo sakuseka nawo.

“Botolo lija,” anatero iye pang'onopang'ono, “mumati ndikufuna chiyani?”

“Nyimbo za magitala.”

Madzulo amenewo wailesi sinayatsidwe. Namakutu anagona chagada kudikira tulo ngati mlendo wolonjeza. M'malo mwa tulo kunabwera mpopi wodontha, malata olira pozizira, bedi la anthu a chipinda chachiwiri, galu wa kutali. Ndipo kupuma kwa Kabatire tsopano kunkamveka konse, ndi timipata take tomwe. Mwana akapuma, n'kudikira pang'ono asanapumenso, mtima wa mayi wake unkaima naye limodzi. Kunacha ali maso.

Loweruka m'mawa anatuluka pakhonde nkhope itatuwa ngati phulusa.

“Wailesi ndinazimitsa,” anatero aWailesi. “Nanga tulo tili kuti?”

Namakutu anapukusa mutu. Anawerama pafupi ndi khutu lawo lakumanja. “Ndikagona, palibe womumvera.”

“Bwera naye kuno.”

“Agogo, inu simumva.”

“Ndati bwera naye.”

Anamugoneka mwana pamiyendo pawo, n'kuika chikhato chawo chachikulu, cha zipsera za mtovu, pa kachifuwa kake. Anatsinzina monga ankachitira ndi sipika. “Aka kakulira bwino, sikakufuna kukonza. Kakangosintha pang'ono ndikugwetsera khoma. Pita.”

Sanapite msanga. Anaima pakhomo kuyang'ana dzanja lija likukwera ndi kutsika. Analowa, chitseko anachisiya chotsegula, n'kugona chopingasa pabedi pomwe ankatha kuona chigongono cha mkuluyo. Anadziuza kuti angotseka maso pang'ono chabe.

Atadzuka, dzuwa linali litalowa pazenera lakumadzulo, mabere atadzaza mpaka kuwawa. Panja pankamveka mawu amene ankawadziwa. Anadumpha opanda nsapato.

Apongozi ake anali atakhala pa ndowa yovundikira, Kabatire ali m'manja mwawo, chikwama chopanda kanthu chili pambali. AWailesi anali atakokera kampando kawo pakhomo penipeni pa Namakutu, miyendo yawo yaitali itatseka njira yonse.

“Wadzuka, mfumukazi?” anatero apongozi. “Ine ndafika dzuwa lili pamutu. Bambo awa ndawauza kuti ndichotsereni miyendo ndikadzutse mpongozi wanga, akundiyankha za mabatire. Ndabwereza, akundiuza kuti mvula ichedwa chaka chino.”

“Ati bwanji?” anatero aWailesi.

“Mwamva bwino inu, gonthi wabodza!”

Kabatire anayamba kulira. Anali atamwetsedwa mkaka umene mayi wake anafinyira m'kapu m'mawa, koma tsopano ankafuna mwiniwake. Namakutu anatambasula manja. Apongozi sanamupereke nthawi yomweyo. Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumapazi, tsitsi losapesa, chizindikiro cha pilo patsaya.

“Amayi,” anatero Namakutu, “mwana musatenge. Ndinatsala pang'ono kumugwetsa, n'zoona. Koma musatenge.”

Apongozi anamupatsa mwanayo. Kabatire anayamba kuyamwa.

“Basi yomaliza yandisiya kale chifukwa cha mlonda wakoyu,” anatero apongoziwo. “Ndigona konkuno. Usiku uno womvera ndine. Ukangodzuka kudzamuika khutu pamphuno, mawa ndikupita naye, ndipo usadzati sindinanene.”

Anayala pansi pafupi ndi bedi, mwana pambali pawo. Namakutu anayang'ana kukhoma, zala zitakumba matiresi. Pasanapite nthawi kunayamba mkonono. Sunali mkonono wamba. Unkayamba pansipansi ngati lole yokwera chitunda, n'kusintha giya, n'kumaliza ndi kamluzu. Womvera uja ndiye ameneyu? Mwana wake ali m'manja mwa munthu amene wafa ndi tulo, ndipo iye akangoponda pansi, mwana wapita.

Sanadzuke. Anangotembenuza mutu, n'kuyang'ana ndi kuwala kwa babu lapakhonde kolowera pansi pa chitseko. Kabatire anagwedeza kamwendo, n'kutulutsa kamawu kochepa kwambiri. Mkonono unaduka pomwepo ngati wadulidwa ndi mpeni. Mutu wa apongozi unadzuka, diso limodzi linayang'ana mwana, dzanja linakonza kansalu, ndipo lole inayambanso ulendo wake. Namakutu anadikira kuti aone ngati zinangochitika mwangozi. Mwana atagwedezekanso, mkonono unadukanso.

Anaseka yekha mu pilo mpaka misozi. Pa maphokoso onse amene anamuzunza chibadwire, limeneli ndiye linali lonyansa kuposa onse, ndipo anagona nalo mpaka apongozi anachita kumugwedeza kuti ayamwitse.

Mawa lake apongozi sananene za basi. Anatuma uthenga kwawo kuti wina aziwadyetsera nkhuku. Anakhala mpaka Kabatire anayamba kudzaza m'manja ndi kulira mokweza moti ngakhale a chipinda choyamba anayamba kudandaula. Masana ankakangana ndi aWailesi pakhonde, wina akukuwa, wina akusankha zoti amve. Madzulo wailesi inkayatsidwa pang'ono, n'kuzimitsidwa mwana akagona, ndipo nthawi zina apongozi omwewo ndi amene ankapita kukanena kuti nyimbo imeneyo ndi ya nthawi yawo, asaizimitse kaye.

Namakutu sanachire makutu. Mpaka lero mpopi ukadontha amadzuka. Koma akamakumbukira nyumba zonse zimene wakhalamo, za mpanda ndi za makoma ofika kudenga, imene amaisowa ndi ija yomveka chilichonse.

Tsiku lonyamuka, apongozi anapinda chikwama chija n'kuchilowetsa m'chikwama chinzake. Anampsompsona Kabatire pamphumi, n'kumubwezera kwa mayi wake.

“Ndinabwera kudzatenga mwana, ndikubwerera ndi msana wowawa,” anatero. “Simenti yanuyi ndi yoipa. Ukadzabereka wina, mugule matiresi achiwiri.”

AWailesi anawanyamulira katundu mpaka pokwerera basi. Namakutu anatsala pakhonde, mwana ali paphewa, akuwamva awiriwo akukangana msewu wonse mpaka anakhota.