Kasiketi Kodikira Khirisimasi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene mayi anabwera ndi kasiketi kachilendo kunyumba. Tinkakhala ku Zomba, ndipo mayi ankachapa zovala kwa azungu ena. Mwana wa azunguwo ankaphunzira gule wakwawo wovina ndi nsonga za zala zakumapazi, ndipo kasiketi kake kovinira katamuchepera, dona anapatsa mayi.

Tinali tisanaonepo chovala chotere. Kanali ka nsalu yonga neti ya udzudzu, yosanjikizasanjikiza, yofiirira ngati mkati mwa gwafa. Sikankagwa m'miyendo ngati siketi wamba, kankaima kokha m'chiuno ngati ambulera yotambasula. Ukakagwira kankalira ngati masamba ouma, ndipo kankanunkhira sopo wa kwa azungu.

Ine Aginesi sikanandikwane. Kanakwana mng'ono wanga Esinati, amene anali wodwaladwala chibadwire. Maso ake ankachita chikasu, ndipo mafupa akayamba kumuwawa ankalira mpaka mawu kutha. Koma tsiku limenelo anazungulirazungulira pabwalo akuseka, mpaka anagwa ndi chizungulire.

Bambo atafika kuchokera kuntchito anangoima chiimire. Masiku amenewo mkazi wovala zoonetsa maondo ankatha kugwidwa mumsewu, ndipo ngakhale akhale mwana, anthu ankalankhula.

"Amake Aginesi, ntchafu zonsezi pamtunda? Mukufuna atinene chiyani anthu?"

"Ndi mwana uyu, bambo."

"Mulumikize nsalu pansipo. Adzavale pa Khirisimasi."

Mayi anakapinda n'kukaika m'bokosi lachitsulo, pansi pa bulangeti la alendo. Kwathu chovala chabwino chinkadikira Khirisimasi, ndipo palibe ankatsutsa zimenezo. Esinati yekha ndiye ankafunsa m'mawa uliwonse, "Amayi, Khirisimasi ndi mawa?"

Kutentha kwa Okutobala kutafika, matenda anakula. Kuchipatala anawauza mayi mawu amene ife ana sitinawamve. Esinati anasiya kutuluka panja. Ankagona pamphasa maso ali pabokosi lija. Tsiku lina ndinapeza mayi akufinya zovala kuseri kwa nyumba.

"Amayi, ingomuvekani lero, m'nyumba momwemu. Palibe aone."

Sanandiyang'ane. "Adzavala pa Khirisimasi."

"Nanga akapanda kufika pa Khirisimasipo?"

Anandiwomba mbama ndi dzanja lonyowa. Mayi anali asanandimenyepo. "Usadzanenenso zimenezo," anatero, n'kupitiriza kufinya malaya omwe anali atauma kale madzi.

Esinati anatisiya mvula yoyamba itangogwa. Ndinatsegula bokosi n'kupereka kasiketi kaja kwa amayi akumpingo amene ankasambitsa thupi. Kanali kataphwanyika, kosaimanso, kali ndi dzimbiri la bokosi. Mmodzi anakatembenuza n'kundibwezera. "Iyayi mwanawe, munthu sapita chonchi." Anamukulunga m'nsalu yoyera. Mbama ija ndinaisunga mumtima zaka zambiri, mpaka mayi anamwalira tisanaikambe.

Tsopano ndimakhala kudziko la azungu, m'tauni ya Joondalup. Anandiitana ndi mwana wanga Tiyamike kuti ndizithandiza kulera mdzukulu wanga Mphatso, popeza mwamuna wake amakhalitsa kumigodi. Mphatso amaphunzira gule yemwe uja. Aphunzitsi ake ndi amene anandiuza kuti kasiketiko amakatcha tutu. Anati kalekale kankafika m'miyendo pansi, kenaka anayamba kukafupikitsa kuti anthu aziona bwino mapazi a wovina, ndiponso kuti sikapindidwa. Ndinangogwedeza mutu. Kuno tiana timavala timeneti ngakhale popita kusitolo.

Chaka chatha Tiyamike anamupeza ndi khansa. Mphatso anali kukonzekera kudzavina pamaso pa makolo mu Disembala, ndipo tutu wake watsopano anali pamwamba pa kabati. Tsiku lina kuchipatala Tiyamike anandigwira dzanja.

"Amayi, mawa mubwere naye atavala. Ndimuone."

Mawu anafika palilime okha: udzamuona mu Disembala. Anali mawu a mayi anga, m'kamwa mwanga. Ndinawameza.

M'mawa mwake ndinamuveka mwanayo. Ndinalephera kukola timbedza takumsana, mpaka iye anandiseka, akuti m'Chingerezi chake agogo sadziwa kanthu. M'njira anthu ankamumwetulira. Anazungulira pakati pa mabedi, anamwino akuwomba m'manja, mayi ake akuseka misozi ili mbwembwembwe. Tiyamike sanafike mu Disembala.

Ndinkaganiza kuti mayi anali ouma mtima. Tsopano ndikudziwa kuti kumuveka mwana chovala cha Khirisimasi mu Okutobala ndi kuvomera ndi manja ako kuti Khirisimasiyo sadzaiona. Ine ndinavomera, mayi anakana, ndipo tonse tinaika ana athu m'manda. Sindinganene kuti njira yanga inali yabwino kuposa yawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamene ankandimenya paja, mayi anali akugwira mwana wawo ndi mphamvu yokhayo imene inawatsalira.