Adiresi ya mlongo wanga wa ku Joni

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anabwera kwathu ku Silver Spring, kutsidya kwa nyanja, kuti adzakhale "masabata awiri okha." Chisanu chinabwera n'kupita, iwo akadali phee pa sofa yathu. Munthu ameneyu sindinamukondepo, ndipo sindinama kuti ndinayesako. Ine ndinkalawirira kukasamalira nkhalamba, kubwerera msana ukuwawa, n'kupeza mbale zili mbwee, mwiniwake ali pa kompyuta yanga. Yanga ndithu, yogula ndi thukuta langa.

Ntchito yawo pa kompyutapo inali imodzi: kutumiza aja maimelo a madua, mapemphero achisilamu, oti "tumizani kwa anthu khumi, mukapanda kutero muona zakuda." Atangofika anakopera maadiresi onse a m'pulogalamu yanga ya imelo, n'kuyamba kuvutitsa nawo anthu oti sanawaonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Anadzipangiranso mbali yawoyawo m'pulogalamumo, n'kuikhoma ndi pasiwedi, ngati m'nyumba mwa bambo awo.

Mwa ovutitsidwawo munali mlongo wanga wamng'ono, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba ku Joni. Analibe mapepala, foni ankangosinthasintha, pogona chimodzimodzi. Njira yomupezera inali imelo basi, imene ankakaitsegula pa kafe ya intaneti akaweruka. Adiresi yake inali ya zilembo ndi manambala osamveka mutu wake, anamupangira ndi mwini kafeyo. Sindinailoweze pamtima. Ndiilowezerenji? Ndinkangolemba kuti "mlongo," pulogalamu n'kumaliza yokha.

Lolemba lina m'mawa amalume anaimba kuchokera ku Balaka. Mayi anali atagonekedwa m'chipatala, osadya, akungotchula mwana wawo wa ku Joni. Ine kupita sindikanatha, mapepala anga anali asanatuluke. "Muuzeni akwere basi lero lomwe," anatero amalume.

Ndinathamangira pa kompyuta. Kutsegula pulogalamu, inandilonjera ndi dzina la alamu. Mbali yanga kulibe. Makalata, maadiresi, zonse psiti.

"Alamu, mbali yanga ili kuti?"

"Oo, ija? Ndafufuta dzulo. Imangondifunsa kuti ndinu ndani, ndinu ndani, nthawi zonse ndikatsegula. Imandisokosa."

Anayankha akusenda lalanje, osatembenuka n'komwe. Mtima unandiphulika.

"Mwadya zanga, mwaphwetsa sofa yanga, lero mwandifufuta m'nyumba mwanga momwe? Mayi anga akufa uko! Amati mlendo ndi mame, koma inu ndiye ayi, mwamera mizu. Tsikidzi!"

Liwu lomalizalo ndi limene ananyamula. Analira mokuwa kuti aneba amve, n'kulongedza kachikwama, ulendo kwa mnzawo ku Laurel.

Ndinakulunga chibokosi cha kompyuta m'chitenje n'kukwera nacho basi mpaka ku Rockville, kwa bambo wina wa ku Zambia wokonza makompyuta. Anasanthula nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu. "Amai, vonse vayenda," anatero. Ndinakulunganso chibokosi changa n'kutuluka.

Ndili m'basi pobwerera ndinakumbukira madandaulo a mlongo wanga: "Achemwali, auzeni alamu anuwo asiye kunditumizira madua awowo. Kuno kafe timalipira, nthawi imathera kutsegula zimenezo." Ndiye kuti adiresi yake inalipo! Alamu sankadziwa kubisa mayina, ankangounjika anthu onse pamwamba pa imelo iliyonse, aliyense n'kumaona adiresi ya mnzake. Ndinaimbira anzanga onse amene ndinali ndi manambala awo, kuti wina andiwerengere pa imelo yake. Yankho linali limodzi: "Zinyalala za alamu akozo? Timafufuta osatsegula." Panatsala malo amodzi okha, mbali ija yokhomedwa ndi pasiwedi, pa kompyuta yanga yomwe.

Ndinaimba ku Laurel. Alamu anakana kubwera pa foni. Amuna anga atabwera kuchokera koyendetsa takisi, ndinawagwira malaya.

"Aimbireni achemwali anu anene pasiwedi. Mawu amodzi basi."

Anaimba, ndikumva. Anayankhula ngati mwana wopempha ndiwo. Atadula anayang'ana pansi.

"Akuti mwawatukwana. Mupite mukapepese pamaso pa akuluakulu a kumzikiti, ndiye anena."

"Mwawauza kuti mayi akufa?"

"Ndawauza. Akuti moyo uli m'manja mwa Mulungu. Mukuwadziwa mmene alili."

Ndinkawadziwa, inde. Tsiku limenelo ndinawadziwanso amuna anga.

Ndinali wokonzeka kupita ola lomwelo, koma mkulu amene alamu anasankha ankagwira ntchito, mpata anali nawo Lachitatu madzulo. Wina aliyense alamu anamukana. Lachiwiri lonse ndinakhala pa kompyuta kuyesa mapasiwedi: dzina la mudzi wawo, mayina a ana awo, dzina la mwamuna amene anawathawa. Palibe. Amalume anaimbanso. "Kodi wanyamuka? Mayi anu akuyang'ana kuchitseko."

Lachitatu ndinagwada pa kapeti ya eni ake ku Laurel. Ine, mayi wa ana, kugwadira munthu amene anandilakwira! Alamu anakhala pa mpando, mpango wabwino kumutu, n'kuyamba kufotokoza mbiri yanga yonse: mmene ndinalowera m'banja lawo, mmene sindiwapatsira moni bwino, mmene ndimaphikira mpunga. Mkulu uja ankangogwedeza mutu. Ndinapepesa. Alamu anati sanamve. Ndinapepesanso mokweza, mano ndikukukuta.

Ngakhale pamenepo pasiwedi sananene. Anati akalemba okha. Tinabwerera nawo ku Silver Spring, iwo kutsogolo kwa takisi, ine kumbuyo ndi kachikwama kawo pamiyendo. Kufika, anaphimba manja ndi mpango polemba, kuopa kuti ndiona.

Ndinatsegula imelo yomaliza imene anatumiza. Pamwamba pake panali anthu anga onse, mzere ndi mzere: anzanga a kusukulu, asuweni, a kuntchito. Chapakati penipeni, zilembo ndi manambala aja. Ndinakopera papepala, n'kumulembera mlongo wanga: "Mayi adwalika, akukuitana. Kwera basi."

Anaiona Lachinayi ataweruka, ndipo anakwera basi yoyamba imene anapeza. Mayi anatisiya Lachisanu m'mawa. Ife Asilamu sitigoneka maliro, anaikidwa tsiku lomwelo anthu atatuluka kumzikiti. Mlongo wanga nthawi imeneyo anali pa mzere wa pachipata cha dziko la eni. Anakafika ku Balaka dothi lili lofewa, anthu akusesa pabwalo.

Anandiimbira pa foni ya amalume. Sanalire, sanandipatse moni.

"Achemwali, amalume akuti anakuuzani Lolemba. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, munali kuti?"

Ndinatembenuka. Alamu anali pa kompyuta, akutumiza dua ya maliro a mayi anga kwa anthu onse aja. Ndinapita n'kuwaika foni kukhutu.

"Alamu, mlongo wanga akufunsa kuti ndinali kuti. Muyankheni."

Anaikankha foniyo. "Za kubanja kwanu musandilowetsemo ine."

Ndinabweza foni kukhutu kwanga, koma anali atadula. Sutikesi ya alamu ndinaitulutsa ndekha pakhonde, ndipo amuna anga atatsegula pakamwa ndinawafunsa ngati akufuna nditulutsenso yawo. Anatseka.

Mlongo wanga ndinamulembera zonse, kuyambira lalanje mpaka kapeti. Ndinalembanso pa Ramadani, ndinalembanso mwana wanga atabadwa. Adiresi ija tsopano ndimaidziwa pamtima, chilembo ndi chilembo, ngakhale mutandidzutsa kutulo. Makalata amapita, sabwerera. Iye sanayankhepo.