Pempho la ku Phanga la Maria

Kamwala kandilowa m'nsapato lero, ndipo pokachotsa ndakumbukira zikhatho za amayi anga.

Fakitale imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, atate ankangokhala pakhomo, amayi n'kuyamba kuswa miyala m'mphepete mwa msewu ku Kalingalinga. Miyala yawo ina inakamangira phanga la Amayi Maria ku yunivesite ya Akatolika. Anthu ankati ukalemba pempho n'kulisomeka pakati pa miyalayo, limayankhidwa. Amayi sankadziwa kulemba, choncho ndinalemba ndine papepala la m'kope kuti atate apeze ntchito.

Lamlungu lina tinapita wapansi, fumbi likulowa m'mano. Pageti mlonda anatiimitsa kuti tisalowe.

"Muno mungena ba sukulu chabe, bamayo."

"Myala ija ninaphwanya ndine," anatero amayi, akumuonetsa zikhatho zong'aluka.

"Namvela, koma bazanichosa nchito. Nipaseni, nizakuikilani."

Kupyola pawaya ndinaona chiboliboli choyera, makandulo akuyaka kumapazi kwake. Mlonda anapinda pepala lathu n'kulikankhira m'thumba la jekete. Thumbalo linali lotupa kale ndi mapepala a anthu ena, ambiri atachita chikasu. Amayi anagwada pafumbi n'kumuthokoza.